Dzina Langa Munalibe M'buku la Alangizi

Ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, monire mose. Chitumbuka changa chathera pomwepo, abale anga. Mundikhululukire, ndiyankhula Chichewa, chifukwa zimene ndanyamula lero ndi zolemera. Ndikati ndizinene m'chinenero chobwereka ndizigwetsa panjira.

Ine ndine Esinala. Kwathu ndi ku Dowa. Kuno ku Mwazisi ndinabwera pa lole, ine ndi amuna anga, kudzalima fodya wa eni ake. Matenanti. Mumatidziwa. Timafika nthawi ya nazale, timagona m'tinyumba taudzu kuseri kwa zigafa, fodya akagulitsidwa ena amabwerera kwawo, ena amasamukira munda wina. Tsiku limene ndinatsika lole ija ndinali ndi mimba ya miyezi iwiri. Mimba yoyamba. Kuno ankadziwa ndi amuna anga okha.

Mayi anga anali atandilangiza ndisananyamuke. Anati, "Mwanawe, ukupita pakati pa anthu osawadziwa. Usakauze munthu. Ukakhale chete mpaka ikaonekere yokha." Ndipo ndinakhaladi chete. Ine kumvera ndimatha, abale, ndimamvera mpaka kupyola muyeso. Ndinkathirira nazale, ndinkapalira, ndinkasanza kuseri kwa chigafa n'kupukuta pakamwa, n'kubwerera pamzere ngati palibe kanthu. Sikelo ndinakayamba mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Kusikeloko ndi kumene ndinamva kuti boma lili ndi dongosolo loyendera amayi obereka koyamba. Mlangizi wa zaumoyo amabwera pakhomo pako mwana akangobadwa. Amamuona mwanayo, amakuonanso iwe, n'kumabwerabe mpaka mwana atakhwima. Mtima wanga unadumpha. Ndinati, Ambuye mwandiona! Mayi anga ali kutali, apongozi ali kutali, koma pakhala munthu wondiuza kuti ichi n'chabwino, ichi n'choopsa.

Mlangizi wa dera lathu anali a NyaMhango, mayi wamtali, wa yunifolomu yabuluu, woyenda panjinga. Ndinawapeza pakhonde la chipatala atatsegula buku lawo. Anandifunsa mafunso atatu okha.

"Ndi mimba yoyamba?"

Ndinati eya.

"Sikelo munayamba miyezi inayi isanakwane?"

Ndinati ayi.

"Nanga dzina lanu lili m'kaundula wa mudzi uti?"

Ndinati, "Ife ndife a kufodya."

Anatseka cholembera. Anati, "Mama, pepani chomene. Lamulo likuti woyenderedwa akhale wolembedwa m'mudzi wa dera langa, akhalenso woti anayamba sikelo msanga. Inu mwakwanitsa chimodzi chokha, cha mimba yoyamba. Ndikakulembani, akuluakulu anga akadzaona buku adzakufufutani. Koma mwana akadzadwala, khomo la chipatala n'lotsegula. Mudzabwere naye."

Sanandilalatire, abale. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, anayankhula mwaulemu. Koma ine mawu omalizawo sindinawamve. Ndinangomva chimodzi: dzina lako mulibe. Dzina lako mulibe! Fodya ndikusoka ndi ine, msana ukuthyoka ndi wanga, koma m'buku mulibe. Ndinabwerera ndi mkwiyo wadzaoneni. Panjira ndinalumbira kuti anthu amenewa sindidzawapemphanso kanthu, ngakhale madzi akumwa.

Mwana anabadwira kuchipatala, nthawi imene fodya anali atadzaza m'zigafa. Mwamuna, wochepa thupi, koma wolira mwamphamvu. M'mawa mwake, tisanatuluke, anamwino anatisonkhanitsa amayi tonse n'kutilangiza. Anayankhula Chitumbuka, mothamanga. Ndinatolapo mawu awiri atatu. Atafunsa ngati pali funso, anzanga anati palije, ine n'kugwedeza nawo mutu. Manyazi, abale. Manyazi ndi mkwiyo uja.

Tsono kwathu mwana akabadwa amalowa m'chikuta. Mayi ndi mwana satuluka m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Mwanayo sapatsidwa dzina. Munthu wamba salowa, makamaka wapabanja amene akukhala malo amodzi ndi mwamuna wake, chifukwa timati ndi wotentha, amudwalitsa mwana. Amuna anga anasamukira kuchigafa, chakudya ankangondisiyira pakhomo. Mayi wina wachikulire wa kanyumba koyandikana, tenanti mnzathu wochokera cha kwathu komweko, anandiuza kuti ndizipaka phulusa losefa ndi mafuta ophikira pamchombo kuti uume msanga. Sankafuna zoipa ayi. Ana ake onse anawalera choncho. Ndipo ndinapaka. Ndi dzanja ili, mukulionali, ndinapaka m'mawa ndi madzulo.

Tsiku lachinayi pamchombo panafiira, panatupa. Tsiku lachisanu panayamba fungo. Mwana anasiya kuyamwa. Ndimuike kubere ili, ayi. Ndimuike kubere ili, ayi. Mkaka ukungotayikira pachitenje, mwana milomo ili gwa. Kulira kwamphamvu kuja kunatha, kunatsala kamawu ngati ka mwana wa mphaka. Thupi lake linali moto.

Amuna anga anandipatsira foni pakhomo, ndinaimbira mayi anga. Anati, "Usamutulutse! Mchombo usanagwe mphepo imulowa, udzandiuza. Pitiriza kupaka." Amuna anga ali chiimire panja, manja akuda ndi utomoni wa fodya, anandifunsa, "Nanga titani, mayi a mwana?" Ndinati tidikire. Ndinanena ndi ine mawu amenewo.

Tsiku lomwelo masana ndinamva belu la njinga. Njira yopita kumudzi wa kumtunda imadutsa pafupi ndi tinyumba tathu. Ndinasuzumira pampata wa udzu. Yunifolomu yabuluu ija, a NyaMhango, akupita kukayendera mayi wina wa m'buku. Anadutsa pafupi, ngati pano ndi pagome la abusa apo. Abale ndi alongo, ndinali ndi pakamwa. Ndinali ndi mawu. Sindinaitane. Ndinawaonerera mpaka anabisika m'chimanga, mwana wanga akupuma befu befu pamiyendo panga.

Pamenepo ndi pamene ndinafika pansi penipeni. Ndinapemphera, koma silinali pemphero loti ndingaliphunzitse ana a Sande sukulu. Ndinati, "Ambuye, kodi kwanunso kuli buku la eni mudzi okha? Kodi mwana wa tenanti kwanunso ndi mlendo? Ngati mukumutenga, mutengeni ndikuona. Koma mudziwe kuti ndakwiya nanu." Ndinanena choncho. Mulungu andikhululukire, ndinanenadi.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinamva, "Odi!" Anali a NyaGondwe, mkazi wa mwana wa eni munda, aphunzitsi a pasukulu ya pulayimale. Iwonso anali ndi mwana woyamba, wa mwezi ndi theka, ndipo iwo m'buku analimo. Tinali tisanachezepo, tinkangopatsana moni panjira. Ine ndinkawaona ngati anthu onyada, chifukwa cha nsapato zawo basi.

Ndinati, "Pepani, muno n'chikuta."

Anati, "Ndikudziwa, mama. Inenso ndikuyamwitsa, ndine wozizira ngati inu nomwe. Koma ndiuzeni. Masiku awiri tsopano matewera sindikuwaona pachingwe chanu. Mwana woyamwa amanyowetsa. Wanu akuyamwa?"

Matewera, abale! Ine ndinkayesa palibe akundiona, chonsecho munthu ankayang'ana chingwe changa ali pakhonde pawo. Ndinayamba kulira. Analowa, mwana wawo ali kumbuyo. Atavundukula wanga anagwira pakamwa. Anati tipite kuchipatala pompano. Ndinakana. Ndinati mchombo sunagwe, ndinati mayi anga aletsa, ndinatinso kuchipatalako dzina langa kulibe. Anandiyang'ana, anaona kuti mutu uwu ndi mwala. Sanalimbane nane. Anakhala pamphasa panga, m'kanyumba konunkha utsi, n'kutulutsa foni.

Ndinawamva akuti, "A NyaMhango, lero ndi tsiku langa loyenderedwa, eti? Kunyumba simundipeza. Ndili kuzigafa, kanyumba kachitatu. Ndikhala kuno mpaka mufike. Fulumirani."

Sipanapite nthawi, belu lija linalira, ulendo uno pakhomo panga. A NyaMhango anatsamiritsa njinga, anasamba m'manja ndi sopo wawo, n'kuima panja. Sanalowe mwamphamvu. Anati, "Mama, ndilowe?" Ine mtima uli pawiri. A NyaMhango ndi apabanja, otentha. Mawu a mayi anga ali m'khutu. Kulumbira kwanga kuja kuli pakhosi. A NyaGondwe anangondigwira dzanja n'kunena chapansipansi, "Muoneni mwanayu. Osaona ine, muoneni iyeyu." Ndinamuyang'ana. Maso anali atasiya kutsegula. Ndinati, "Lowani."

Anagwada, anamuyeza kutentha, anawerenga kapumidwe kake akuyang'ana wotchi. Ataona phulusa lija sanandinyoze. Anangoti, "Mwana uyu walwara chomene. Tikunyamuka tsopano lino."

Ndinati, "Mchombo sunagwe."

Anati, "Ukagwera kuchipatala."

Ndinati, "Nanga si paja m'buku mwanu ine mulibe?"

Anandiyang'ana m'maso, iwonso misozi ili lengelenge. Anati, "Mama, buku limandiuza woti ndimulembe. Silinanditseke maso. Dzulo ndinadutsa pano. Mukanangoti odi, ndikanatsika."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kubereka.

Ndinamukulunga mwana. Ndinaima pakhomo. Abale, khomo la kanyumba kaja n'lalifupi, umachita kuwerama, koma sindinadutsepo pakhomo lovuta ngati limenelo. Panja amayi anzanga anali atasonkhana. Mayi wachikulire uja anafuula, "Mwatilaula! Mwana wa m'chikuta padzuwa!" Amuna anga anataya fodya amene anali m'manja, anathamanga kukaitana amuna a NyaGondwe ndi njinga yawo yamoto. Ndinakwera, mwana ali pachifuwa, a NyaMhango akupalasa pambuyo pathu.

Kuchipatala anafunsa dzina la mwana. Ndinati alibe. Analemba kuti mwana wa Esinala. Anamutsuka pamchombo, anayamba kumubaya jakisoni, kamwendo kake kochepa ngati chala changa. Anandiphunzitsa kufinyira mkaka m'kapu n'kumamudonthezera pakamwa. Tsiku loyamba, zii. Tsiku lachiwiri, zii. Ndinasiya kukwiya, mphamvu zokwiyira zinatha. Ndinkangoti, "Ambuye, ndalakwa ndine. Musamulange mwana." Tsiku lachitatu m'mawa ndinamuika kubere mongoyesa. Anagwira! Anagwira, abale, anakoka mpaka ndinamva kuwawa, ndipo ndinafuula m'wodi monse, anamwino n'kuthamanga kuyesa kwagwa zovuta. Aleluya!

Mchombo unagwera pabedi la chipatala, monga ananenera a NyaMhango. Dzina ndinapempha a NyaGondwe kuti amutche ndi iwo. Anamutcha Tawonga.

Lero tikukhalabe kuno. Ku Dowa timangopita kukaona anthu. Mayi anga mpaka pano amati ndinachita mwayi, ndipo sindikangana nawo, ndi mayi anga. Dzina langa tsopano lili m'kaundula wa mudzi. Mimba yachiwiri ndinakayamba sikelo ili ndi miyezi iwiri, ndinafika chipatala asanatsegule. A NyaMhango anaseka, anati, "Mama, tsopano mwakwanitsa ziwiri zija, koma lamulo likuti obereka koyamba okha." Ndinaseka nawo. M'buku limenelo ine sindinalowemo, ndipo sindidzalowamo.

Lamulo silinasinthe. Ine sindine wa boma, sindidziwa amene amalikonza. Chimene ndimachita n'chakuti malole akafika ndi matenanti atsopano, ndimapita kutinyumba tija. Ndikaona mtsikana akulavula malovu pafupipafupi, ndimamutengera pambali n'kumufunsa mosapsatira. Akavomera ndimamuperekeza kukalembetsa m'mudzi, kenako kusikelo, miyezi isanadutse. Ena amandithokoza. Ena amanditukwana. Chaka chatha mmodzi anandinena kuti ndine mfiti, ndikufuna mimba yake. Ndinachita manyazi, ndinasiya kupitako. Anabereka, analowa m'chikuta, ine osapitako. Mwana wake tinamuika m'manda asanatchedwe dzina. Ameneyo ndimamusenza mumtima, abale. A NyaGondwe ndinawakana pakhomo koma analowa, pamene ine mtsikana uja atangonditukwana kamodzi ndinabwerera.

Ndiye ndikupemphani, inu amene muli ndi minda, inu amayi amene makonde anu ayang'ana kuzigafa. Malole ayandikira. Mudzakhala mtsikana woyembekezera m'menemo, ndipo sadzakuuzani. Akadzakutukwanani, mudzapitenso mawa lake.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya. Ndikuthokoza a NyaMhango, lero ali kuntchito. Ndikuthokoza a NyaGondwe, ali apo, aweramitsa mutu, sankafuna kuti ndiwatchule. Ndikuthokoza amuna anga. Ndipo mwana uja ndi uyo ali pansi pa benchi, wavula nsapato imodzi. Tawonga, tuluka anthu akuone. Tawonga! Mwaona, akukana. Musiyeni, abale anga, musamukoke. Ali ndi mphamvu zokanira.

Yewo chomene. Ambuye alemekezeke. Amen.