Mlendo Amene Anatsika Sitima pa Lirangwe

Bambo Mfumu, akatekisiti, abale anga mwa Ambuye, Yesu Khristu atamandike. Ndikufuna kuchitira umboni lero, pa tsiku la Oyera Onse.

Ambiri mukudziwa kuti amuna anga, a Matiasi, anakwera ndege pa Chileka kupita ku migodi ya ku Joni. Sanabwerenso. Anzawo pobwera anangoti, "Mlamu, mwala unawagwera, anaikidwa konko." Ndinafunsa, kunali wansembe? Sakudziwa. Nanga anawatseka maso ndani? Sakudziwa.

Abale, imfa ndinaivomera. Chimene chinandidya ndi ichi: munthu wobatizidwa, wosaphonya Misa, kufa ngati nkhuku ya chitopa, popanda womunenera ndi pemphero limodzi lomwe. Mu Novembala inu mukamapita kukalambula manda, ine ndinkatsala pakhonde ndi mkwiyo. Mayi Sabina, mwakhala apo, munabwera kudzandicheza ine n'kukuyankhani zokhadzula. Mtima unali utauma gwaa.

Tsono chaka chatha ndinali pa siteshoni ya Lirangwe, ndikugulitsa nthochi. Sitima itaima kunatsika bambo wina, woonda, akutsokomola magazi. Anayenda pang'ono n'kugwa pansi pa mtengo wa mango. Anthu anaima patali, akuti, "Ameneyu ngwa ndani?" Ine ndinamutengera madzi m'chikho.

Analankhula, koma sichinali Chinyanja, sichinali Chilomwe cha makolo athu, Chiyao ayi. Kenaka ndinaona zala zake zikuyenda pa kolona. Amanena mawu pang'ono, n'kuima, n'kundiyang'ana. Kunenanso, kuimanso. Ndinazindikira, abale! Amanena Tikuoneni Maria m'chilankhulo chakwawo, n'kumadikira womuyankha.

Ndinagwada pafumbi pompo. Iye amayamba m'chakwawo, ine ndimatsiriza m'chathu, "tsopano ndi pa nthawi ya kufa kwathu." Tinapita choncho, tinapita choncho, mpaka anayamba koma osafika pomwe amaimira. Ndinamutseka maso ndi dzanja ili.

Tinamuika kuno kwathu. Pamanda akatekisiti anasowa dzina loti atchule, anangoti, "Ambuye, landirani mtumiki wanu, dzina lake mukulidziwa ndinu." Pamenepo ndinalira, ndinalira misozi imene ndinaikaniza zaka zonsezi. Ndinati, kwawo kuli mayi amene akufunsa kuti mwamuna wake anamutseka maso ndani, ndipo sadzandidziwa. Nanga ine ndinganene bwanji kuti a Matiasi anafa okha?

Chiyanjano cha oyera chimene timanena Lamulungu lililonse ndinkachiyesa cha aja a pazithunzi okha. Ayi, abale. Alipo ambirimbiri opanda chithunzi, opanda tsiku lawo, ndipo akutipempherera.

Ndikuthokoza Mulungu pondimasula mtima. Ndikuthokozanso iwe amene unagwada pambali pa amuna anga pansi pa mgodi, kaya ndiwe Msutu, kaya Mshangani, kaya uli moyo, kaya unatsogola. Tikaonana kumwamba ndidzakufunsa dzina.

Imirirani, abale, kondwerani nane. Amayi, nthungululu zimveke!