Bambo Laws Chirambo, mmisiri amene chitsulo chinawagwera pa ntchito

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1951 ku Bolero, m'boma la Rumphi. Ine ndikuwerengane ndine mng'ono wawo, Alexander Chirambo.

Sukulu anayamba mu 1959, koma analekezera Sitandade 8 bambo athu atamwalira. Mu 1972 anabwera kuno ku Lilongwe, nayamba ntchito yokanda matope, mpaka anadzakhala mmisiri womanga nyumba. Mu 1977 anamanga banja ndi Mayi Dyna Gondwe, ndipo anakhazikika konkuno ku Nsungwi, ku Area 25. Mu 1988 anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo.

Mu 1994 analembedwa ntchito ndi kampani ina imene ikumanga nyumba yosanjikizana m'tauni. Dzina lake sindilitchula pamaso pa anthu aulemu ngati inu. Kampaniyo ili nazo zipewa zoteteza kumutu, koma zimatuluka m'sitolo tsiku lobwera alendo lokha. Alendo akangotembenuka, kapitawo amazitolera.

Pa 3 Okutobala 1996 m'mawa, malemu akuyala njerwa pansi, chitsulo chinapulumuka pamwamba n'kuwagwera pamutu. Lole ya kampani inali pomwepo, koma kapitawo analamula kuti iyambe yatsitsa mchenga. Anawagoneka pa matumba a simenti, magazi akutuluka m'khutu, ntchito ikupitirira ngati pagwa galu. Mnzawo wa pantchito, Bambo Kasimu, ndiwo anathamangira kumsewu n'kuimitsa galimoto ya munthu wongodutsa. Pano Bambo Kasimu awachotsa ntchito, ati anachoka osatsanzika.

Malemu anatisiya pa 8 Okutobala ku chipatala, osatsegulanso maso. Dzulo akampani anabwera ndi nkhata ya maluwa, n'kumatiuza ife, pamaso pa namfedwa, kuti mwina malemu anali ataledzera. Inu a mpingo mukudziwa kuti mowa sunalowepo m'kamwa mwa munthu uyu. Nkhatayo tinawabwezera pageti.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, Mabel, Lumbani, Mwawi ndi Tisunge, komanso mdzukulu mmodzi.

Ife abanja tikuthokoza a mpingo, amayi a chigwirizano, anamwino, anansi athu a ku Area 25, ndi amisiri anzawo amene ajomba ku ntchito lero kuti adzanyamule bokosi, akudziwa bwino lomwe zimene ziwachitikire mawa. Bambo Kasimu, nyumba ino ndi yanu. Tikuthokozanso mwini galimoto uja, amene mpaka lero sitikumudziwa dzina.

Achimwene, mwaigwira ntchito, pumulani tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere.