Mayi Ella Zuze, amene anakana kuika thunthu la nthochi

Malemu amene tawazungulira panowa, mayi Ella Zuze, anabadwa pa 9 Malichi 1951 ku Limbe, m'nyumba za antchito a njanji. Anali mwana wachisamba wa bambo January Alfazema ndi mayi Rozina, amene anachoka ku Mutarara m'dziko la Mozambiki pothawa chibalo cha Apwitikizi. Ine amene ndaima pamaso panu, bambo mfumu, akuluakulu a mpingo ndi inu nonse odzakhuza maliro, ndine mlongo wawo wopondana nawo. Mawu akandithera panjira mundikhululukire, pakuti amene ankandiwongolera ndikaphonya powerenga ndi omwe agona apawa.

Sukulu anayamba mu 1958 pa mishoni ya Katolika ku Limbe komweko, ndipo atamaliza Fomu 2 mu 1968 anakaphunzira kutayipa m'tauni mwa Blantyre. Kunyumba tinkalankhula Chisena, kubwalo Chinyanja, koma bambo athu akapsa mtima ankakalipa m'Chipwitikizi. Enafe tikangomva liwu loyamba linali liwiro la mtondo wadooka. A Ella ankaima pomwepo n'kumatola mawu amodziamodzi, mpaka chilankhulocho anachidziwa kuposa mwini wake wokalipayo.

Mu 1970 analembedwa ntchito yotayipa makalata pa sitolo yopikulitsa katundu ya a Ramesh ku Limbe, ndipo anakhalapo zaka 36. Amene munagulako katundu mukukumbukira kulira kwa makina awo, ngati matalala padenga la malata. Kalata yokhala ndi cholakwika ngakhale chimodzi sinkatuluka pakhomo, ingakhale kuti asayina kale abwana.

Pa 4 Ogasiti 1973 anakwatiwa ndi bambo Aloysius Zuze, makaniko a ku njanji. Anayamba banja ku Manja, ndipo mu 1985 anamanga nyumba ino ya ku Nancholi. Mulungu anawapatsa ana anayi: a Chester, a Annie, a Patience ndi mzime wawo Sungeni, amene anabadwa mu 1981. Bambo Zuze anatisiya mu 2001.

Pali chinthu chimodzi chimene malemu ankachinyadira, ndipo ndiyenera kuchinena kuti zotsatirazi zimveke. Mu 1992 maiko akunja anaimitsa chithandizo chawo ku Malawi pofuna kuti ulamuliro usinthe, ndipo pa 14 Juni 1993 malemu analawirira kukaima pamzere n'kuvotera nyali, chizindikiro cha ulamuliro wa zipani zambiri. Zinthu zinasinthadi, dziko osalowa m'nkhondo. Kuyambira pamenepo anakhulupirira ndi mtima wonse kuti akazembe a maiko akalankhula mawu amodzi, wolamulira aliyense amagwada, kaya ndi wouma mutu chotani. Ukawatsutsa pa zimenezi unkachita kuchokapo wekha.

M'zaka zomwezo a Ramesh anasankhidwa kuti aziimirira kuno ku Blantyre dziko lina laling'ono la kutsidya kwa nyanja yamchere, lolankhula Chipwitikizi. Dzina la dzikolo malemu analetsa kuti lisatchulidwenso pakhomo pano, ndipo ine sindiyamba lero. Makalata onse ochokera kumeneko ankawerenga ndi kumasulira ndi iwowa, popeza pa ofesipo panalibe wina womva chilankhulocho. Mu 2005 asisiteri a chipatala china cha m'dzikomo analemba kuti akufuna anamwino. Sungeni anali atangomaliza maphunziro a unamwino, ndipo Chipwitikizi anali atachiyamwa kwa mayi ake. Kalata yofunsira ntchito anatayipa ndi malemu ndi manja awo. Tinamuperekeza ku Chileka mu Ogasiti chaka chomwecho, tikudziwa kuti akukakhala zaka ziwiri zokha.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 11 Meyi 2006, pulezidenti wa dzikolo ali ku msonkhano kunja, asilikali analanda boma n'kulengeza kuti asayerekeze kubwerera. Akazembe a maiko oyandikana nawo ndi a ku Ulaya anakumana msangamsanga napatsa asilikaliwo masabata awiri: abwezeretse munthu wosankhidwa ndi anthu pampando, apo ayi dziko litsekeredwa. Anakonzanso ndege imodzi yotsiriza yotulutsa alendo onse ofuna kuchoka.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndegeyo inyamuke, Sungeni anaimba foni ku sitolo nthawi ya nkhomaliro. Ine ndinali pomwepo, ndinadzera kudzapereka moni. Mwanayo anati, “Amayi, dzina langa alilemba. Ndikwere kapena ndikhale? Odwala achuluka kuno, anamwino tatsala atatu.” Malemu sanazengereze. Anati, “Khala, mwanawe, usasiye odwala. Akazembe alankhula, ife kuno tinaziona. Masabata awiri si chaka, kuona maso a nkhono n'kudekha.” Sungeni anali mwana womvera. Ndege inapita, mpando wake uli wopanda munthu.

Asilikali aja sanagwade. Masabata awiri anasanduka miyezi. Maiko anatseka zimene analonjeza kutseka: ndege zinaleka kutera, sitima zapamadzi zinaleka kukocheza, mafuta a galimoto anatha. Pa pepala ankati mankhwala saletsedwa, koma panalibe chowanyamula. Mvula itayamba kunabuka kolera. Sungeni anasamalira odwala mpaka naye anaitenga, m'chipatala mulibe ngakhale diripi imodzi. Anamwalira pa 2 Disembala 2006 ali ndi zaka 25, ndipo asisiteri anamuika kuseri kwa tchalitchi chawo.

Uthenga unafika patapita masiku asanu ndi anayi, pa kalata ya m'Chipwitikizi yopita ku ofesi ya a Ramesh. Monga mwa masiku onse, kalatayo anaipereka kwa malemu kuti amasulire. Anaimirira, navala magalasi, nayamba kuwerenga mokweza, mzere woyamba, wachiwiri. Pa mzere wachitatu anapeza dzina la mwana wawo. A Ramesh amatiuza kuti anamaliza kalata yonse mpaka pa siginecha, kenako n'kugwa pansi. Palibe mayi woyenera kumva imfa ya mwana wake kuchokera pakamwa pake pomwe, ndipo mpaka lero mtima wanga umawawa ndikaganiza za tsikulo.

Akuluakulu a mbali zonse ziwiri, a kwa Alfazema ndi a kwa Zuze, tinakumana pabwalo lomwe lino. Mwambo wathu mumaudziwa: munthu akafera kumene thupi lake silingapezeke, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, kuliika m'manda, anthu n'kulira, kumeta, moyo n'kupitirira. Thunthulo linadulidwa, nsalu inagulidwa, adzukulu anali atauzidwa kale. Malemu anatuluka m'nyumba, naliyang'ana, n'kunena kuti, “Ine sindinabereke nthochi. Mwana wanga ali ndi mafupa, ndipo mafupawo abwera. Chotsani ichi pakhomo panga.” Ndivomere pamaso panu kuti amene anawaumiriza kwambiri tsiku limenelo ndinali ine. Anakhala miyezi itatu osandiyankha moni. Choncho Sungeni sitinamulire mwa mwambo, sitinamete, ndipo mayi ake anakhala namfedwa wopanda manda oti akagwadepo.

Mu Januwale 2007 anapuma pa ntchito, ndipo a Ramesh anawapatsa makina otayipira aja kuti apite nawo. Ntchito yeniyeni inayamba pamenepo. Lolemba lililonse ankakhala pakhonde apo kulembera akazembe ku Lilongwe ndi amkhalapakati a zokambirana, kenako ulendo wa pa minibasi kukaponya ku positi ofesi ya ku Limbe. Makalata oyamba ankapempha kuti akazembe awonjeze moto kuti asilikali agonje msanga. Pofika pakati pa chaka mawu anasintha. Ankangopempha ndege imodzi, yonyamula bokosi limodzi. Mayankho ankabwera aulemu kwambiri, pa mapepala okongola: kuti akumva nawo chisoni, koma kutumiza ndege kungaoneke ngati kuvomereza boma la asilikali, choncho adikire pang'ono. Katatu konse anakwera basi kupita ku Lilongwe, kukakhala pa mabenchi a m'maofesi kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

Anthu ena ankayembekezera kuti atukwana akazembewo. Sanatero. Ankati wosankhidwa ndi anthu ayenera kubwerera pampando wake, mfuti si voti. Ankangowonjeza kuti, “Walira mvula walira matope, koma matope anga anagwera mwana.” Amene sanamukhululukire anali mmodzi yekha, ndiye iwo eni. Kangati tinawauza, ife, ana awo, amayi a mphakati wawo wa ku tchalitchi, ngakhale bambo mfumu mu ulaliki, kuti sanalakwe, kuti ananena zimene ankazidziwa? Ankapukusa mutu n'kuyankha kuti chitseko cha ndege ija anatseka ndi iwo. Munthu amene ankadzaza nyumba ndi phokoso anayamba kudya ngati mbalame, ndipo kwaya anaisiya.

Matenda a kuthamanga kwa magazi anawapeza mu 2007. Mu Febuluwale 2008 anachita sitiroko imene inapha dzanja lamanzere. Tinaganiza kuti makalata athera pomwepo, koma Lolemba lotsatira atatuluka m'chipatala tinamva makina akulira, pang'onopang'ono, chala chimodzi. Kumayambiriro kwa Seputembala anadwalikanso ndipo anagonekedwa ku chipatala cha Gulupu.

Pa 20 Seputembala 2008, patatha zaka ziwiri ndi miyezi inayi ya zokambirana, asilikali analola ndipo pulezidenti uja anabwerera kwawo. A Annie anatengera wailesi ku wodi kuti mayi awo amve okha. Munkamveka anthu akuimba m'misewu, akazembe akuyamikirana kuti chilungamo chapambana. Malemu anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalulutire, sanamwetulire. Anangofunsa kuti, “Nanga ndege ziyamba liti?”

Asisiteri anafukula mafupa a Sungeni mwaulemu wonse. Mapepala anatenga mwezi wathunthu, a Ramesh ndi akazi awo a Hema akuthamanga nawo ofesi ndi ofesi. Pomaliza tinauzidwa tsiku: Lachisanu pa 24 Okutobala, ku Chileka. Malemu atamva anatsitsimuka moti tinayamba kunyengeka. Anadya, anapesa tsitsi, natuma a Patience kuti akasite chitenje chawo cha Amayi Achikatolika. Anauza adokotala kuti kaya alola kaya salola, Lachisanu iwo akukalandira mwana, ngakhale pa njinga ya odwala. Ankawerenga masiku pa zala za dzanja lotsala lija. Lamulungu pa 19 Okutobala, dzuwa lili paliwombo, mtima wawo unaima. Anali ndi zaka 57, ndipo anatsala ndi masiku asanu okha.

Ambiri mwakhala mukunong'onezana kuti n'chifukwa chiyani tasunga maliro sabata yathunthu m'nyengo yotentha chonchi. Tamva, ndipo sitikukudandaulani. Dzulo tinawaveka chitenje chija, tinawatenga ku motchale, ndipo galimoto sinalunjike kuno. Tinadzera ku Chileka. Ndege itatera, bokosi laling'ono limene mukuliona pambali pawoli tinalilowetsa m'galimoto momwe iwo anagona, ndipo anabwera limodzi mpaka pakhomo pano. Anati akamulandira okha, ndipo ife sitikanatha kuwatsutsanso kachiwiri.

M'malo mwa banja ndithokoze a Ramesh ndi a Hema, amene atisonyeza kuti ubale si khungu. Asisiteri a kutsidya amene anasamala manda a mwana wathu ngati wawo. Madokotala ndi anamwino a ku Gulupu. Amayi a mphakati amene agona pansi pano sabata yonse. Kwaya, adzukulu amene akumba manda awiri m'nthaka youma gwa, ndi inu nonse a ku Nancholi, a ku Manja ndi a ku Limbe amene mwasiya ntchito zanu. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Mayi Ella Zuze asiya alongo awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ana atatu: a Chester, a Annie ndi a Patience. Wachinayi sanamusiye, akupita naye.

Achemwali, mwana uja wafika. Gonani tsopano, nonse awiri, ndipo mizimu yanu iuse mu mtendere wa Ambuye.