Nthochi ija sitinaidule

Moni kwa inu nonse okondedwa mwa Ambuye. Ine ndine mayi wa ku Likoswe, ndipo umboni wanga ndi wa mwana wanga Yohane, amene ankapalasa kabaza pa Njuli. Mvula yoopsa itagwa, madzi anamukokolola pa mlatho. Njinga tinaipeza itakodwa m'mabango, koma mwini wake ayi.

Patatha sabata ziwiri amalume anga anayamba kundikakamiza kuti tidule thunthu la nthochi, tiliike m'bokosi m'malo mwa mwana, maliro athe. Amvekere, "Mwambo ndi womwewo, mukufuna tizingokhala m'masiye mpaka liti?" Ndinakana. Ine sindinabereke nthochi.

Apolisi anandiuza kuti kufupi ndi Namadzi kunapezeka mtembo wa mnyamata wosazindikirika nkhope, ndipo anauika kale. Anati adokotala anasungako dzino, choncho akhoza kuyeza DNA, chizindikiro cha m'thupi chimene mwana amatengera kwa makolo ake. Anandipaka kathonje m'kamwa, n'kunena kuti ndidikire.

Abale anga, kudikira kumeneko kunandidwalitsa. Ofesi ina ankati bwerani mawa, ina ankati mapepala anapita kunja, ina bwana ali kumsonkhano. Nsapato zinandithera m'njira. Kumudzi ankandinena kuti ndazungulira mutu, ndikukhulupirira dzino kuposa akuluakulu. Ndinakwiyira aliyense, ngakhale Mulungu amene. Ndinkapemphera mokalipa: ngati mwamutenga, bwanji osandionetsa pamene wagona?

Mwezi wachisanu ndi chitatu apolisi anandiitana. Dzino lija linali la mwana wanga.

Pamanda anandiperekeza Che Saidi, bambo wachisilamu amene amasambitsa maliro ku Namadzi kuja. Ndi iwo amene anapeza mtembowo m'dimba mwawo. Paja anzathu Asilamu sachedwetsa maliro, ndipo anthu ankafuna kuuika tsiku lomwelo, koma iwo anakaniza mpaka adokotala afike. "Ndinati ameneyu ali ndi mayi wake," anandiuza choncho. "Manda ndakhala ndikulambula ndine, amayi. Ndimadziwa kuti mubwera."

Ndinagwada pa mtumbira uja n'kulira kulira kumene ndinakusunga miyezi yonseyo. Pamene ine ndinkakalipira Mulungu, n'kuti Iye atandiyankha kale kudzera mwa munthu amene sindinkamudziwa, wa chipembedzo china.

Yohane tinakamutenga mwalamulo, ndipo wagona pafupi ndi agogo ake. Che Saidi anabwera kudzaponya nawo dothi. Amalume tsiku limenelo anangogwira fosholo.

Ndikuthokoza Mulungu, ndipo inu amene mukufunafuna wanu, musatope ngakhale akutopetseni. Pitani kawiri, pitani kakhumi. Nthochi imene ankafuna kudula ija ikadali kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chino yabereka mkoko.