Ndinajambula Mkuyu, Mnzanga Osamuona

Alemekezeke Yesu, abale ndi alongo. Ine ndine make Tamandani, wa kumunsi kuno mukamatsetsereka ku Kachulu. Mowa sindinaulawepo chibadwire. Chimene chinandiledzeretsa ine ndi foni, ndipo musaseke.

Ndinakula nyanja ya Chilwa ili yodzaza. Matemba ankayanikidwa mpaka kusowa poponda, fungo lake n'kumakulonjera usanafike padoko. Ife atsikana tinkasewera phada pansi pa mkuyu wa m'mphepete mwa dambo: kulemba mabokosi pansi, kuponya kaphale, kudumpha ndi mwendo umodzi mpaka amayi atiitane mokalipa.

Mnzanga wa phada anali Esinati. Tinakula limodzi, ndipo titakwatiwa minda yathu ya mpunga inakhala dambo limodzi. Nthawi yowokera tinkathandizana, lero kwa ine, mawa kwa iye. Ndi mmene timachitira kuno. Munthu amene akuwokera yekha, ndiye kuti alibe anthu.

Nyanja itauma, anzathu anabalalika. Ena ku Zomba, ena ku Blantyre, ena mpaka ku Joni. Madzi anadzabwerera, koma anthu sanabwerere. Mudzi unangoti zii. Ndinkapita kutchalitchi, inde, koma mtima wanga unali kwa amene anapita.

Ndiye mwana wanga Tamandani, amene anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, anandipatsa foni ija yotsetsereka ndi chala. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, kulemba ndimachedwa, koma anandionetsa potumizira mawu. Anandiphunzitsanso kutsegula gulu lochezerana pa foni. Ndinayamba kutolera anthu akwathu mmodzimmodzi, ngati nkhuni.

Abale, zinali zokoma, sindinama. Kumva mawu a munthu amene unkaganiza kuti sudzamumvanso! Ndinalira kangapo.

Kenaka ndinapeka kasewero kanga. M'mawa ndinkajambula malo amodzi, kaya mjigo wakale, kaya chulu, kaya njira ya ku chigayo, n'kutumiza pagulu ndi funso lakuti, "Ndi pati apa?" Woyamba kulondola ankawina. Malamulo ndinaika ndekha: amene wabwera kumudzi posachedwa asayankhe. Anthu akuluakulu, adzukulu ali nawo, ankakangana ngati ana.

Gulu lija linabereka lina, la nyimbo zimene tinkaimba posinja. Tamandani nayenso anati, "Amayi, tiyeni tipange phada wa pa foni." Iye ankalemba pulogalamu akaweruka kuntchito, ine n'kumamuuza malamulo. Akanditumizira kuti ndiyese, ndinkamubwezera: "Iyayi mwanawe, ukaponda mzere wafa, kamunthu ka pa foniko sikangapitirize." Ndiye apa gulu, apa nyimbo, apa phada. Foni ikatha moto ndinkathamangira kwa aneba a sola ngati mwana wadwala. Anthu anayamba kunditchula kuti a adimini, ine n'kumamva kukoma mpaka m'mafupa. Kupemphera kwanga kunafupika. Ndinkati ameni diso lili pa foni.

Esinati sanali pagulu. Kake kanali kafoni ka mabatani. Mwamuna wake anali atamwalira, ana ali kutali.

Dzinja limenelo anabwera kudzandiwokera monga mwa nthawi zonse. Munda wanga wonse unatha. Itafika nthawi yake, pagulu panali patabuka mkangano woti wawina ndani, ndipo Tamandani ankadikira kuti ndiyese phada watsopano. Ndinatumiza uthenga kuti ndibwera mawa. Mawa lija linabereka mawa lina. Iye sanabwere kudzandikumbutsa. Si munthu wopempha kawiri.

Tsiku lina m'mawa ndinasowa chojambula. Ndinatsikira kudambo, ndinajambula mkuyu wathu uja, n'kutumiza. Ndinabwerera ndikumwetulira, ndikuti lero ndiwakola.

Mayankho anagwa ngati mvula. Kenaka kunabwera mawu a achimwene ena amene amakhala ku Joni, tinakulira limodzi. Anati, "Mkuyuwo ndaudziwa. Koma alongo, amene wawerama m'madzi kumbuyo kwakeyo si Esinati? Bwanji ali yekha? Inu munaima pati?"

Ndinakuza chithunzicho ndi zala. Analidi iye, kakang'ono pakona, msana wopindika, mtolo wa mbande m'manja. Munda waukulu, madzi okhaokha, iye yekha pakati.

Munthu ali ku Joni anamuona. Ine ndinaima pomwepo, osamuona.

Ndinagwada pakhonde pomwepo, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mawu okongola opempherera anandithawa. Ndinangoti, Ambuye Yesu, ndakhala ndikulirira anthu amene munawapititsa kutali, ndataya amene munandisiyira. Nditseguleni maso.

Ndinadzuka, foni ndinaisiya pa mphasa, ndinamanga chitenje chakale, ulendo kudambo.

Esinati anandiona ndikubwera koma sanaweramuke. Anati, "Fikani a adimini. Mwabwera kudzajambulanso?"

Ndinati, "Esinati, ndakulakwira."

Anati, "Mbande zakalamba izi, sizimva kupepesa. Gwira."

Anandiponyera mtolo. Ndinalowa m'madzi. Tinawokera mpaka dzuwa kupendeka, misozi yanga ikugwera m'matope. Chakumapeto anayamba yekha kung'ung'udza nyimbo ya Mulungu, ine n'kulandira. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti Yesu wandikhululukira, chifukwa anadzera pakamwa pa munthu amene ndinamulakwira.

Mpunga wake chaka chimenecho sunabereke bwino, tinachedwa. Wanga unabereka, poti amene anauwokera pa nthawi yake ndi iyeyo. Nditakolola ndinasenza wina kupita nawo kwawo. Anakana, ndinaumirira, mpaka anatsegula chitseko.

Sindikunena kuti foni ndi Satana, ayi. Magulu aja alipobe, koma ndinawapereka kwa ena kuti aziyendetsa. Ndimalowamo Lamulungu tikaweruka, kupereka moni. Phada wa Tamandani sanathe mpaka lero, kamunthu kake kamadumphabe mizere molakwika, ndipo tikakumana timaseka. Nthawi zina m'mawa ndikaona malo okongola dzanja limandiyabwa. Masiku aja ndimawakumbuka, anali okoma. Koma mtima wanga umene unkangoti zii ngati mudzi uja, Yesu anaudzaza, ndipo pemphero langa linabwerera.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanadikire kuti ndikamuone mnzanga ali m'bokosi. Anandidzutsa mbande zikanali m'manja mwake.

Mlongo wanga, mbale wanga, ngati nawe mtima wako uli kutali pamene thupi lili pano, bwera kwa Yesu lero, sakutonza. Ndipo Lachiwiri likubwerali amayi a mumpingo tikukawokera kwa anzathu amene alibe owathandiza. Esinati ndi amene akutitsogolera. Wati ndikuuzeni kuti mulawirire, wochedwa akapeza mbali yakuya.

Dzina la Ambuye litamandike. Ameni.