Atsibweni Sagona, Amaswera

Ndinawachenjeza bambo a Christobel kuti ufulu wabwerawu ndi wa dziko, si wa sitolo ya mipando, ndipo munthu wotenga sofa, gumbagumba ndi galimoto yakutha pa ngongole adzalipira ndithu ngakhale mbendera yasintha. Sanandimvere, ndiye Lamulungu lija masana ndinapezeka ndili pakona m'nyumba yathu ya ku komboni ya Njube, kuno kwa olankhula Sindebele, mwana kumsana, dzanja pa makina anga osokera, ndikuwamva akuphunzitsa atsibweni awo zoti akayankhe m'mawa mwake munthu wa kukhoti akabwera. Atsibweniwo ndi a Lemson, mlonda wa usiku pa fakitale ina ku Donnington, mkulu wa mpingo amene bodza limawakanirira kukhosi ngati munga wa nsomba.

"Atsibweni, mvetsani bwino," anayamba amuna anga, a Lyford. "Kugwa kulipo kuwiri."

"Wagwa pati? Ndikuona ukuyenda bwinobwino."

"Kugwa kwa ngongole. Kalaliki wa kukhoti wandimasulira zonse. Pali kugwa chokhala, pali kugwa chagada."

"Chafufumimba palibe?"

"Chimenecho boma silinavomereze. Chokhala chili chonchi: ngati ndalama zolowa m'nyumba mwezi ndi mwezi ndi zooneka, khoti limangodulako pang'ono n'kumagawira eni ngongole, katundu osamukhudza. Chagada ndi pamene zolowazo zachepa. Amabwera ndi lole, kunyamula chilichonse apeze m'nyumba, kukagulitsa."

Ndinakanikiza dzanja pa makina. Ndi anga, ndinagula ndisanakwatiwe, koma anthu a lole safunsa mbiri, amangonyamula chitsulo.

A Lemson anakanda mutu. "Ndiye wolemera amamusiyira katundu, wosauka amamulanda?"

"Ndi lamulo."

"La azungu aja kapena lathuli?"

"Lomwelo, angosintha chidindo. Manje ine ndikufuna kugwa chokhala, ngati munthu wa bizinesi. Koma galimoto imene imandipatsa ndalama yaima, zanga zolowa palibe. Ndiye tiwerengera malipiro anu. Adzakufunsani ziwiri zokha: ndalama zanu zimalowa muno? Mumagona muno? Inu muzingovomera kuti yebo, yebo."

"Ikona."

"Ikona? Mukukana chiyani?"

"Zanga sizinalowepo muno."

"Hawu, atsibweni. Zimapita kuti?"

"Sizipita. Zimakhala m'jombo ya kumanzere, pansi pa chikopa. Ndipo jombo zimatsala pakhonde. Amake Christobel anati zisamaponde polishi."

Onse awiri anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi, ndipo kunena zoona pansipo pankawala. A Lyford anatuluka mothamanga, anabwera ndi jombo zonse ziwiri, matope ali phathiphathi, n'kuziika pa tebulo pomwe ndimadulira nsalu.

"Eya. Zalowa."

"Zalowa ndi jombo."

"Ndalama zili m'kati mwakemo."

"Ndiye ndalama zili m'jombo, jombo ili m'nyumba. Mwana ali m'mimba sitinena kuti wafika pamudzi."

"Zitulutseni tsono."

"Ndikazitulutsa uziona."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

"Iwe, mphwanga, ndalama ukaziona zimatuluka. Tikufuna zolowa."

A Lyford anapumira m'mwamba, anagwada, anapempha m'dzina la malemu amayi awo. A Lemson anatembenuka kuwapatsa msana, anapisa chala m'jombo, n'kukweza kachikopa pang'ono. Kangodya ka dola kanasuzumira m'nyumba mwathu, kenako kanabwerera.

"Basi," anatero. "Ndikanena kuti zinalowa kamodzi ndipo zinaona sofa."

"Musanene za kamodzi. Tiyeni funso lachiwiri. Mumagona muno?"

"Ayi."

"Atsibweni, bakithi, chonde. Mphasa iyo ndi ya ndani?"

"Yanga."

"Mumatani pamenepo?"

"Ndimaswera."

"Mkonono umene umagwedeza denga kuyambira m'mawa mpaka ana aweruke kusukulu ndi wa ndani?"

"Wa munthu woswera. Tandiuza, ukandipeza ndikudzuka dzuwa litapendeka, umandipatsa moni wanji?"

A Lyford anazengereza. "Mwaswera bwanji."

"Wamva? Unayamba wandifunsapo kuti ndagona bwanji? Chichokereni kwathu ku Katete, m'nyumba muno palibe anandifunsapo funso limenelo. Ukufuna khoti lidziwe zimene iwe mwini sukuzidziwa?"

"Chabwino. Nanga mumagona kuti?"

"Sindigona. Ndine mlonda."

"Munthu sangathe zaka zonsezi osagona. Ine ndinakupezani pageti la fakitale mutatsamira mgolo, kukamwa kuli yasa."

"Ndimalondera ndi makutu. Maso amanamiza."

Kunja kunadutsa lole. Ndinathamangira pazenera, koma inali ya malasha. Pobwerera ndinakoka makina kuwasendeza kuseri kwa chitseko, ngati kumeneko anthu a khoti safika.

"Mverani," a Lyford anatsitsa mawu. "Munthuyo sadziwa Chichewa. Adzafunsa m'Sindebele, ulala ngaphi, ndiko kuti mumagona kuti. Za kuswerazo sadzazimva n'komwe."

"Sindebele ndimachidziwa. Ndidzamuuza kuti ngiyatshona lapha. Ndiko kuswera kwawo."

"Musayerekeze. Mawu amenewo kwa iwo ndi omwenso amanenera munthu akamwalira. Ndi kalankhulidwe kanuko, adzalemba kuti munafera muno."

A Lemson anaganiza kaye. "Ndiye zatheka."

"Zatheka bwanji?"

"Wakufa amagona. Funso lako layankhidwa."

"Wakufa salandira malipiro, atsibweni."

"Aa, ndiye khoti lakolo likufuna munthu wotani? Wamoyo ayi, wakufa ayi."

A Lyford anazungulira tebulo kawiri, anakhala pa sofa, anakumbukira kuti ndi wa ngongole, anadzukapo.

"Tichite chonchi. Lero musapite ku ntchito. Gonani muno, usiku weniweni, ndi bulangete. M'mawa ine ndikufunsani kuti mwagona bwanji, inu muyankhe. Munthu uja akafika mudzanena zoona zokhazokha."

"Izo ndiye nzeru."

"Eya, mwaona?"

"Kungoti bwana anati tsiku limene ndidzajombe ndisadzabwerenso."

"Ndiye?"

"Ndiye mawa ndidzati yebo pa kugona, ikona pa ndalama."

"Nanga mukapita ku ntchito?"

"Yebo pa ndalama, ikona pa kugona. Sankha iwe, ndiwe wophunzira."

"Ndikufuna ma yebo awiri."

"Ndili nawo mmodzi. Winayo kakongole."

Apa Christobel anadzuka kumsana n'kuyamba kukoka duku langa. Ndinamugwedeza kuti asalire, chifukwa ndinkafuna kumva chilichonse. A Lemson anali atakhala tsonga tsopano, ngati ali pa bwalo la mpingo.

"Koma taima, Lyford. Funso la kugonali adzandifunsa ine ndekha?"

"Aliyense wa m'nyumba."

"Iwe umagona muno?"

"Ndi nyumba yanga."

"Sindinafunse mwini. Ine ndikamafika kum'bandakucha ndimakupeza m'galimoto panjapo, miyendo itatulukira pazenera."

"Ndimalondera matayala. Akuba a ku Njube mukuwadziwa."

"Ndiye tili alonda awiri, wina wolipidwa, wina waulere. Iwe umagona m'galimoto. Akandifunsa ndinena."

"Sadzakufunsani za ine."

"Ndinenabe, kuti asavutike kufunsa. Nanga amake Christobel? Chiyambireni sukulu yaulereyi, mwana aliyense wa mu mzere uno akufuna yunifolomu. Ndimachoka akusoka, ndimabwera akusoka. Amenewo sagona, amachezera. Akatopa amasinza pa makina."

Sananame. Chipumi changa chinali ndi chidindo cha gudumu.

"Ndipotu," anapitiriza, akuloza ndi chibwano kwa ine, "ndalama zimene ndimaziona ndi maso anga zikulowa pakhomo apo, zopanda jombo, ndi zawo. Azimayi amabwera atamanga pansonga ya chitenje, amamasulira m'kati muno. Bwanji osawerengera zimenezo?"

Kusukulu masamu ndinkakhoza, ndipo ndinali nditawerengera kale mumtima kuti za mayunifolomu zikhoza kutikhazika chokhala, makina osachoka. Ndinangosowa poyambira.

"Zimenezo si ndalama," anatero a Lyford. "Ndi za matimati."

"Matimati amagulidwa ndi chiyani?"

"Ndi za matimati. Ine, Lyford, munthu amene ndayendetsa galimoto yangayanga mpaka m'tauni, ndikaimirire pakhoti n'kunena kuti ndimadyetsedwa ndi singano?"

"Suimirira. Wati ukufuna chokhala."

"Atsibweni, musandiseke."

"Sindikuseka, ndikuwerenga. Ine ndimaswera. Iwe uli m'galimoto. Amayiwa amachezera. Wogona muno ndi mmodzi yekha." Anatambasula khosi kuyang'ana kumsana kwanga. "Uyu."

"Christobel?"

"Usiku wonse, masana omwe. Mwini nyumba ndi ameneyu. Amalandira zingati pamwezi?"

"Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi?"

"Ndiye zolowa palibe. Koma usaope. Ameneyu sangagwe chokhala, sanayambe kukhala. Chagada amagona kale tsiku ndi tsiku, sadandaula."

"Mukufuna mukauze munthu wa boma kuti mutu wa banja lino ndi khanda?"

"Ndikamuuza zimene ndaona. Ngati ali ndi mafunso afunse mwiniwake."

Christobel anageya. A Lemson anagwedeza mutu ngati mlandu watha.

Ndinaona kuti ndikapanda kulankhula, mawa lole idzapeza azibambo awiri akutsutsana za moni.

"Bambo a Christobel, chonde, kanenetseni za makinawa. Ndi ndalama ndithu. Lendi ya mwezi watha inachokera pomwepa."

"Amake mwana, nkhani ya khoti ndi ya amuna."

"Koma makina adzanyamulawo ndi a mkazi."

"Ndati ayi. Kuli bwino atenge zonse, ndigwe chagada anthu akuona, kusiyana n'kuti Njube yense adziwe kuti ndinakhazikidwa pansi ndi ulusi."

Anatero atapinda manja pachifuwa, chibwano m'mwamba. Ndimawadziwa akatero. Ndinayang'ana mulu wa nsalu za ana a eni zimene ndinali nditadula kale, ndinayang'ana makina, kenako ndinayamba kuchotsa singano ndi kukulunga ulusi.

"Ukutani?" anafunsa a Lyford.

"Kusanache ine, mwana ndi makina tikhala tili kwa akulu anga ku Emakhandeni. Wilibala ndibwereka kwa a Bernard apa pafupi."

"Wilibala ndikankha ndine," anatero a Lemson. "Ndikaweruka ndidzangodutsira pano. Kodi kwa akulu anuwo kuli poswera?"

"Kuli khonde lalikulu."

"Jombo amalola?"

"Alibe polishi."

"Anthu abwino."

A Lyford anatsitsa manja. Anayang'ana ine, anayang'ana atsibweni awo amene anali atatsitsa kale jombo patebulo n'kuyamba kuvala, m'nyumba momwemo, pa polishi wanga.

"Taimani kaye. Makina akachoka, muno muzilowa chiyani?"

"Mphepo," anayankha a Lemson, akumanga chingwe. "Matimati okha ndiye aleka."

"Nanga munthu wa kukhoti ndikamuuza chiyani ndekhandekha?"

"Lero ugone m'nyumba, upeze yebo mmodzi."

"Nanga wa ndalama?"

A Lemson anaimirira, anaponda kawiri ndi phazi la kumanzere kuti amve ngati zonse zili m'malo, n'kulunjika kukhomo.

"Umuuze zoona, mphwanga. Muno ndalama zinalowapo kamodzi, Lamulungu masana. Zitamva nkhani yako, zinatuluka zokha, wapansi."