Maola Anayi Amene Anasowa pa Tikiti ya Amuna Anga

Abusa, amayi busa, abale ndi alongo, ndakupatsani moni m'dzina la Yesu. Aleluya! Ndikufuna kuchitira umboni, chifukwa mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kuthetsa banja langa ndi manja angawa.

Mukudziwa kuti bambo a Chisomo, amuna anga, amagulitsa mawigi ndi makava a foni kuno ku Peckham, mu London muno. Ulendo uno anapita okha kukaoda katundu ku China. Atafika ku Dubai anandiimbira. "Mayi a Chisomo, kwatsala ndege imodzi. Kuchoka kuno kukafika ku Guangzhou ndi maola eyiti basi."

Ndinati muyende bwino. Koma pafiliji anasiya pepala la tikiti. Ndinalitenga, n'kumaliwerenga m'basi yochokera ku Thamesmead popita ku shifiti. Kunyamuka ku Dubai, naini koloko m'mawa. Kufika ku Guangzhou, naini koloko madzulo. Ndinawerenga ndi zala, abale. Thwelofu! Ndinabwerezanso. Thwelofu! Munthu wanena eyiti, pepala likuti thwelofu. Nanga maola anayiwo ali nawo kuti? Ali ndi ndani?

Azimayi, musandiyang'ane choncho, mukuudziwa mtima wathu. Ndinakumbukira pefyumu amene anayamba kudzola chaka chino. Ndinakumbukira kuti foni akumapita nayo kubafa. Ndinati eya, pali kamzinda kena panjira kamene akatsikire, ndipo pali wina akuwadikirira kumeneko. Ndinapsa mtima, ndinalira, kudya osadya. Kupemphera? Ayi, sindinapemphere. Ndinalongedza zovala zawo zonse m'mapepala akuda a zinyalala, n'kuimbira ankhoswe athu, amalume anga a ku Wembley, kuti abwere adzatenge katundu wa mkamwini wawo.

Amalume anabwera Loweruka masana. Anavala magalasi, analiyang'ana pepala lija, kenako anandifunsa, "Iwe, ukamaimbira mayi ako ku Harare, wotchi yawo imafanana ndi yako?"

Ndinati ayi, iwo amakhala patsogolo.

"Ndiye ku China ali patsogolo pa Dubai ndi maola anayi. Tatembenuza pepalalo, uwerenge za pobwerera."

Ndinatembenuza. Kunyamuka ku Guangzhou wani koloko masana, kufika ku Dubai faifi koloko. Maola anayi okha, mtunda womwewo! Amalume anati, "Nanga pobwera, mkazi ukumuganizirayo azidzakankha ndege kumbuyo kuti ithamange?"

Abale, manyazi ake! Ine ndemwe amene ndimawerengera nthawi Lamulungu lililonse ndisanaimbe kumudzi, mdyerekezi ananditseka maso pa chinthu chomwecho. Ndinagwada pompo, pakati pa mapepala a zinyalala aja, ndinati Ambuye, amene wasochera ndi ine, osati mwamunayu.

Ndinamasula zovala zonse, n'kusita chimodzichimodzi. Amuna anga atabwera anati, "Koma mkazi wanga amandikonda, mpaka kusita masokosi!"

Bambo a Chisomo, ndi awo akhala kumbuyoko, nkhaniyi akuimva lero limodzi ndi inu. Ndinakukayikirani popanda chifukwa, ndikhululukireni pamaso pa mpingo. Ndipo shati yanu yabuluu ija mwakhala mukuifunafuna, musavutikenso. Ndinaidula ndi sizasi amalume asanafike.

Mukuona, akuseka! Zikomo Yesu, banja langa lilipo. Imirirani, abale, muombe m'manja, musangalale nane. Ameni!